Filimu Imene Inandibweza kwa Kanduku

Ine za mafilimu sindinazizolowere. Ngakhale pa unyamata, anzanga akamathamangira kuvidiyo pa boma pa Mwanza, ine ndinkaona ngati n'kupusa kulipira kuti ukaonere anthu akumenyana pa nkhani yosakukhudza. Koma pali filimu imodzi imene ndinaionera ku Joni, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo mpaka lero ndikamva madzi akuyenda pamiyala thupi limachita tsemwe. Ikanapanda filimu imeneyo, sindikudziwa ngati mkazi wanga Lusiya bwenzi ndili naye.

Ndinachoka kwa Kanduku Lusiya ali ndi pakati. Ndinali mkamwini, ndipo ukamwini wopanda kanthu m'thumba ndi chipongwe chokhachokha. Ukadzuka m'mawa, ngakhale nkhuku za apongozi zimakuyang'ana ngati zikufunsa kuti unabwera ndi chiyani pamudzi pano. Tsono ife a ku Mwanza mabasi a ku Joni amatidutsa pakhomo, ngolo zawo zitadzaza mafiriji ndi matiresi, ndiye mtima sungakhale m'malo. Ndinagulitsa mbuzi ndi njinga, n'kupeza pasipoti. Lusiya anandiperekeza mpaka kumsewu atandikazingira chimanga ndi mtedza. Sanalankhule zambiri. Anangogwira pamimba n'kunena kuti, "Musakatchone. Mudzamupeze asanayambe kuyenda."

Za m'njira ndimangokumbuka kutentha kwa ku Tete ndi mapazi otupa. Ntchito ndinakaipeza pa famu ya malalanje kumpoto kwa dzikolo, ndipo tsiku loyamba ndinaseka ndekha: kusiya manachesi akuwolera pansi kwathu, kudutsa mayiko awiri, kukathyola malalanje a Mbunu. Koma kuseka kunathera pomwepo. Unkakwera makwerero thumba lili paphewa, kalumo kali kumanja, minga ikukung'amba mikono, kapitawo ali pansi kukuwa kuti usasiye kaphesi pa lalanje. Thumba likadzaza linkakukokera chammbali ngati likufuna kutsika nawe. Madzulo tinkabwerera kukomboni, mzere wa zipinda za malata kuseri kwa ngalande, aliyense akununkha makoko a malalanje ndi mankhwala opopera.

M'chipinda ndinkagona ndi Juwawo, mnyamata wa kwa Nthache. Makolo ake anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo iye ali wamng'ono, ndipo anakulira kumalire konko. Anali wamfupi, wamano otalikirana, pakamwa posatseka. Ukadwala ankakuphikira phala kwinaku akukunena kuti ukunamizira. Apolisi akabwera kudzafufuza mapepala, ndi iye ankadziwa ngalande youma yobisalamo, ndipo tikagona chafufumimba m'menemo ankandinong'oneza nthabwala mpaka ndinkaluma mkono kuti ndisaseke. Ku Joni m'bale wako ndi amene wagona naye chipinda chimodzi.

Kwathu netiweki inkapezeka pa kaphiri kuseri kwa mudzi. Lamlungu masana Lusiya ankabwereka foni ya mchimwene wake n'kukwera kumeneko, akupuma movutikira chifukwa cha mimba, kuti andiuze za mbuzi ndi za mwana amene ankamumenya zidendene m'kati. Tsiku lina, pakati pa sabata, foni inalira ndili pamakwerero. Anali a Kamwendo, malume ake a Lusiya, amenenso anali ankhoswe athu.

"Akamwini, muli pamalo abwino?"

"Ndili pantchito, malume. Kwagwanji?"

"Mnzanu uja anachira bwinobwino. Koma mlendo sanakhale. Wabwerera asanatuluke chikuta."

Ndinagwiritsa nthambi. Ndinafunsa ngati ndinyamuke.

"Mudzatani? Amenewa si maliro. Azimayi athana nazo kale. Madzi akatayika saoleka, bola mtsuko uli bwino. Gwirani ntchito."

"Anali wamwamuna kapena wamkazi?"

"Zimenezo safunsa, akamwini."

Kwathu mwana akamwalira mayi asanatuluke naye m'nyumba, amamuyesa nthayo. Alibe bokosi, alibe nyimbo, ndipo mwamuna sapondako. Azimayi akuluakulu amamukulunga m'kansalu n'kukamuika m'kadzenje kosaya kufupi ndi madzi, mayi ake atawasiya kunyumba. Mayiyo amamulangiza kuti asalire ndipo asafunse, chifukwa akatero mimba imatseka, sadzaberekanso. Ndinakula ndikudziwa zimenezi, ndipo sizinandidabwitsepo. Choncho ndinabweza foni m'thumba n'kupitiriza kuthyola, ngakhale maso sankaona bwino malalanje.

Nyengo yothyola itatha ndinatsala nawo odulira mitengo ndi othirira. Masiku a pa pasipoti anali atatha kalekale, ndiye kupita kumudzi kunali kutsazikana ndi ntchito. Ndinkatumiza ndalama, ndipo a Kamwendo anaumbitsa njerwa, anaotcha, kenako nyumba inakwera mpaka malata. Ndikafunsa Lusiya kuti ali bwanji, yankho linali limodzi: "Ndili bwino, kaya inu." Za mbuzi anasiya kundiuza. Nthawi zina tinkangokhala chete, ine ndikumva mphepo ya paphiri paja ikuwomba m'foni, mayunitsi akutha. Ndinkadziuza kuti ndi mmene amakhalira maukwati a patali. Malalanje anapsa, tinathyola, anapsanso, tinathyolanso.

Pakomboni panali dalaivala wa thirakitala, wa ku Zimbabwe, amene anali ndi kanema ndi makina oonetsera zimbale. Lamlungu masana tinkadzaza m'chipinda mwake, mabulangete atatchingidwa m'mawindo kuti dzuwa lisalowe. Tsiku limenelo anabwera ndi chimbale chogula pa depoti ya mathekisi, chikuto chake chili ndi asilikali ndi ndege zikuyaka. Titachiika, asilikali sanaoneke. M'malo mwake panaoneka minda ya chimanga, mbuzi zowonda, agalu ogona pamsewu wafumbi, katchalitchi ka Katolika, ndi azimayi akuchapa pamiyala kumtsinje atafunda nsalu kumutu. Ine ndinkayesa kuti kutsidya kwa nyanja konse ndi nyumba zosanja, ndiye ndinadabwa.

"Ku Mekisiko uku," anatero Juwawo. "Koma anthuwa ndi a kwa Nthache ndithu, angoyera khungu."

Chiyankhulo chawo palibe ankachimva, kupatula Juwawo amene ankatolako mawu chifukwa chimafanana ndi Chipwitikizi. Ndiye anadzipatsa ntchito yomasulira, monga amachitira anyamata oika Chichewa m'mafilimu kwathu kuno, theka zoona theka zopeka. Bambo wina atakwera hatchi n'kutsazika mkazi wake ndi ana awiri, Juwawo anati, "Akuti, mayi, ndapita ku Joni, ndibwera ndi firiji." Tinaseka mpaka kugwerana, ngakhale a ku Zimbabwe amene sankamva bwino Chichewa.

Bambo uja sanabwerere. Mkaziyo anadikira, kenako anamva kuti mwamuna wake wakwatira kwina. Tsiku lina anatsetserekera kumtsinje atagwira ana ake padzanja, ndipo anabwerako yekha, diresi litanyowa mpaka m'chifuwa. Atazindikira chimene wachita anathamangiranso m'madzi, ndipo madziwo anamutenganso iyeyo. Kuyambira pamenepo mzimu wake unkayenda m'mbali mwa mtsinje utavala zoyera, ukulira, ukufunafuna ana ake, ndipo mwana aliyense wopezeka pafupi ndi madzi unkamutenga. Mkulu wina wa m'filimumo anachenjeza anthu kuti kulirako kukamveka pafupi ndiye kuti mkaziyo ali kutali, koma kukamveka kutali ndiye kuti waima kumbuyo kwako. Mawu amenewa Juwawo anawamasulira mosaseka, ndipo kuchokera pamenepo sanamasulirenso.

Panalibenso chofunika kumasulira. Kulira kwa mkazi uja sikunali kwa pamaliro kumene timakudziwa, kokhala ndi mawu ndi mayina a abale. Kunkachokera pansi pa mimba, kokoka, ngati ng'ombe imene aichotsera thole. Anzanga ankaopa nkhope yake ikatulukira mwadzidzidzi, ena n'kumadzidzimuka mpaka kutaya chakumwa. Ine nkhope sinandiopse. Ndinkayang'ana manja ake, mmene ankapatulira bango, mmene ankagudubuzira miyala n'kusuzumira pansi pake, ngati munthu amene wataya singano. M'chipindamo munkatentha kwambiri, koma ine ndinamva kuzizira kumsana.

Filimu itatha tinachotsa mabulangete, dzuwa n'kulowa, ndipo amuna anayamba kudzilimbitsa mtima. Wina anati ndi mfiti chabe imeneyo, kwawo angaikhomere msomali. Wina anati azungu ndi amabodza, angomupaka ufa kumaso. Ine ndi Juwawo tinatuluka n'kumayenda m'mbali mwa ngalande. Kwa nthawi yoyamba chimudziwireni, anayenda mtunda wautali osatsegula pakamwa.

"Amigo, mnzanga," anatero kenako, "uja ine sindimuopa. Uja akulira. Amayi anga, pothawa nkhondo, mlongo wanga wakhanda anafera kumsana. Anamusiya m'mbali mwa mtsinje, anangomufotsera ndi manja. Asilikali anali pafupi, ndiye panalibe zolira. Tafika ku Malawi, talandira ufa, tamanga, nkhondo yatha, amayi osalira. Koma akapita kumadzi m'mawa, tinkakawapeza dzuwa litapendeka atangokhala, ndowa yopanda kanthu."

"Anatha bwanji?"

"Tsiku lina tinangopeza ndowa yokha m'mbali mwa madzi."

Anatola mwala n'kuuponya m'ngalande. Kenako anandiyang'ana.

"Nanga mlamu, mwana wanu uja atamwalira, analira?"

Zaka zonsezo funso limenelo linali lisanandifikepo m'mutu.

Ntchito yanga nthawi imeneyo inali yotsegula ndi kutseka mipope m'minda. Masana injini ikazimitsidwa, mapaipi ankakoka mpweya n'kumalira chapansipansi kumapeto kwa mizere. Phokoso limeneli ndinali nditalimva kambirimbiri osalilabadira. Koma itatha filimu ija, likangoyamba chapatali, ndinkakumbuka mawu a mkulu uja ndipo khosi linkatembenuka lokha kuyang'ana kumbuyo. Kumbuyo kunalibe munthu, mitengo yokhayokha ili ndii. Tsiku lina ndinaona chinthu choyera chikugwedezeka pakati pa mitengo, ndipo ndinapezeka nditataya sipanala ndili patali. Linali thumba la feteleza lokodwa panthambi. Ndinadziseka, koma chakudya chinasiya kulowa. Ndikatseka maso ndinkaona manja aja akupatula bango, ndipo pa chala china panali chipsera cha chikwakwa chimene ndinkachidziwa bwino, cha Lusiya.

Lamlungu lotsatira ndinaimba foni. Anayankha ndi mlamu wanga, mwini foni.

"Achemwali sakwera phiri masiku ano, alamu."

"Akudwala?"

"Kudwala ayi. Amadya, amalima."

"Nanga ali kuti?"

Anati, "Amapita kumtsinje."

"Kukachapa?"

"Alamu, mayunitsi akutherani. Mungobwera."

Sindinadikire kutha kwa mwezi. Juwawo anandinyamulira chikwama mpaka pamsewu waukulu, akundinena kuti ndine mwamuna woyamba m'dziko kuthamangitsidwa pantchito ndi chimbale. Koma galimoto itaima anandigwira dzanja mwamphamvu n'kunena kuti, "Usakamvere za anthu, ukamuone wekha." Sindinamuonenso Juwawo. Ena amati anapita kuminda ya mphesa kummwera, ena amati anamwalira, ndipo ndimamusowa.

Ndinafika kumudzi nthawi yopalira. Nyumba ya malata inkawala patali, yokongola kuposa mmene ndinkaiganizira. Lusiya anatuluka, anagwada, anandilandira chikwama n'kundifunsa kuti ndayenda bwanji, monga umafunsira mlendo wodzagula nkhuku. Anali atawonda, koma anali waukhondo, ndipo anandifunditsira madzi osamba n'kundiphikira. Maso ake okha ndi amene sankaima pa ine, ankangondidutsa. M'mawa mwake tinapita kumunda limodzi. Dzuwa litakwera anaika khasu pansi, osatsazika, n'kuyamba kutsetserekera kudambo. Podutsa m'mudzi ndinaona ana akuthawa, ndipo mayi wina anathamangira mwana wake amene ankakwawa pabwalo n'kulowa naye m'nyumba.

Madzulo ake a Kamwendo anandiitanira pansi pa mtengo wa mango n'kundifotokozera zonse. Anati zinayamba pang'onopang'ono, kuchedwa kumadzi, kulankhula yekha. Kenako tsiku lina Lusiya anatola khanda la anthu oyandikana nawo limene linagonekedwa pamkeka, ndipo mudzi wonse utasokonezeka anakamupeza kumtsinje atalifukata, khandalo lili m'tulo, losavulala. Analipa nkhuku kuti nkhani ithe. Kwa asing'anga anapita naye, kumapemphero anapita naye, osathandiza. Tsopano abale anagwirizana zoti amutumize kuchipatala cha odwala misala, kutali, ndipo ngati kumeneko akamubweza azimutsekera m'nyumba.

"Inu sitingakumangeni, akamwini," anatero. "Mwatimangira nyumba, mwachita zaumuna. Lamlungu likubwerali tikhale pansi ndi ankhoswe a kwanu, tikumasuleni ku ukwatiwu, kenako Lusiya timutumize."

Mlongo wanga naye anayenda ulendo wonse kuchokera kumudzi kumene ndinabadwira kudzandiuza zomwezo, koma iye sanazikulunge. "Achimwene, mwavutika zaka zonsezi kuti mudzasunge wamisala? Akazi atha m'dziko muno?" Ndinakwiya, koma ndisaname, mawu akewo anapeza pokhala. Ndinali nditatopa, ndipo mkazi amene ndinamusiya pamsewu uja sindinkamuona m'nyumbamo.

Tsiku lotsatira Lusiya ataika khasu pansi ndinamutsatira chapatali. Mtsinje wa kwathu ndi waung'ono, wamiyala, bango ndi nsenjere mbali zonse. Ndinabisala kuseri kwa chulu. Lusiya ankayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa madzi atawerama. Ankapatula bango ndi manja onse awiri n'kusuzumira. Akapeza mwala wathyathyathya ankaugudubuza, n'kupapasa dothi la pansi pake, n'kuubwezera bwinobwino. Ndinali nditaziona kale zimenezi, m'chipinda chotchinga mabulangete, ndipo ndinamuopa mkazi wanga. Chosiyana chinali chimodzi: uyu sankatulutsa mawu alionse, kunkangomveka madzi.

Ndinadzikakamiza kutuluka n'kumuitana. Sanadzidzimuke, ndipo sanatembenuke.

"Anati pafupi ndi madzi," anatero. "Sanandiuze kuti pati."

"Lusiya, ukufunafuna mwana?"

"Mvula ikamagwa sindigona. Sakumba kwambiri, mukudziwa. Ndimaganiza kuti akunyowa." Anabwezera mwala umene anagwira. "Ndinafunsa amayi, ananditseka pakamwa ndi dzanja. Ndinafunsa azakhali, anati ndikufuna kulodza mimba yanga yomwe. Ndiye ndimangoyang'ana ndekha. Kumunsi konse ndamaliza."

"Nanga mwana wa anthu uja?"

"Sindinafune kumuba. Ndinkafuna ndimve kulemera kwake. Wathu ndinamunyamula masiku ochepa, ndiye manja anayamba kuiwala."

Ndinakhala pansi pamchenga. Ndinamufunsa funso la Juwawo lija, ngati analirapo. Apo ndi pamene anandiyang'ana m'maso koyamba chibwerereni.

"Anati ndikalira sindidzakuberekerani. Inu muli kutali mukuvutikira ife. Ndiye ndinasunga."

Mkamwini salankhula ndi apongozi ake aakazi maso ndi maso. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo ngati pali mawu amadzera kwa ankhoswe. Chikwatirireni ndinali ndisanakhalepo pakhonde pawo. Koma tsiku limenelo ndinachoka kumtsinje n'kulunjika komweko. Ndinawapeza akusenda mtedza m'lichero. Ndinakhala pansi patsogolo pawo penipeni, ndipo iwo anakoka chitenje n'kutembenukira kukhoma.

"Amayi, mundikhululukire ulemu wachepa. Ndabwera kudzapempha kuti mutisonyeze pamene munagoneka mwana."

Manja awo anaima. "Ku Joni kwakuphunzitsani zimenezi?"

"Ayi, amayi. Mwana wanu watha mtsinje wonse kugudubuza miyala. Si misala imene ija, akufuna pamene pali mwana wake."

"Mukuyesa sindimuona?" anatero apongozi. "Ine ndinataya awiri Lusiya asanabadwe. Sindinalire, sindinafunse. Ndi chifukwa chake Lusiyayo alipo, ndi chifukwa chake inu muli ndi mkazi. Mukufuna ndimutengere kumeneko, akalire, atseke mimba? Mawa mudzakhala inu nomwe wonena kuti kwa Kanduku anakupatsani chumba."

"Sindidzanena munthu, amayi. Mwana akabwera, abwere. Akapanda kubwera, chabwino. Koma Lamlungu akufuna kumutengera Lusiya kuchipatala chija, ndipo akapita kumeneko sadzabwerako ali munthu."

Anayambanso kusenda mtedza, koma ndinaona kuti makoko akuponya m'lichero, mtedza akuponya pansi. Ndinakhalabe pomwepo mpaka mwendo unachita dzanzi. Kenako, akuyang'anabe kukhoma, anati, "Mawa dzuwa likakwera, anthu ali kuminda."

Anatitsogolera okha, ndodo ili kumanja, Lusiya pakati, ine pambuyo. Sitinapite kumunsi kumene Lusiya ankafufuza. Tinakwera chakumtunda, n'kupatukira m'kakhwawa kamene kamathira mu mtsinjewo, mpaka pa tsinde la nsungwi. Pamenepo panali mwala wathyathyathya, ndipo udzu wozungulira unali wozulidwa bwino, zooneka kuti pamafika munthu kawirikawiri.

"Mwalawu ndinaika ine, kuopa agalu," anatero apongozi. "Madzi safika pano. Sananyowepo."

Lusiya anagwada n'kuika zikhatho zonse pamwalapo. Anatsegula pakamwa, koma sipanatuluke kanthu. Anayesanso, khosi likugwedezeka, mapewa akukwera, koma chinthu chimene anachisunga zaka zonsezo chinakana kutuluka. Anatiyang'ana ngati mwana amene watsamwa. Ine ndinaima ngati chitsa, osadziwa chochita, ndipo ndinayamba kuopa kuti ndamubweretsa kuno pachabe.

Apongozi anaponya ndodo pansi. Anamanga chitenje m'chiuno mwamphamvu, anaika manja kumutu, n'kuyambitsa maliro monga amayambitsira azimayi akuluakulu. "Mayo ine, mdzukulu wanga ine. Mayo, wagona yekha kutchire ine." Mawu awo anakwera n'kudzaza kakhwawa konse, ndipo posakhalitsa ndinamva kuti sakuliranso mdzukulu yekha, akuti ana anga ine, ana anga awiri ine. Pamenepo Lusiya anagwa chafufumimba pamwala paja ndipo kulira kunatuluka, kochokera pansi pa mimba, kokoka. Tsitsi linandiima pamutu, koma sindinathawe. Ndinagwada n'kumugwira mapewa, ndipo nanenso ndinalira mokweza, mkamwini, pamaso pa apongozi.

Kulira kwa maliro sikubisika. Anthu anasiya kupalira n'kuthamangira kumtsinje makasu ali m'manja, amuna patsogolo, azimayi pambuyo. Atafika n'kuona pamene tagwada, azimayi ena anazindikira, anagwira pakamwa n'kubwerera. A Kamwendo anapatula nsungwi akupuma wefuwefu.

"Kwagwanji kuno? Wamwalira ndani?"

Ndinafuna kuyankha, koma sindinkadziwa dzina, sindinkadziwa ngakhale kuti anali mwana wanji. Ndinayang'ana Lusiya. Anadzutsa nkhope yodzaza dothi ndi misozi.

"Anali wamkazi," anatero. "Ndinamutcha Tiyamike. Sindinauze munthu."

Ndinaimirira n'kuwauza a Kamwendo kuti wamwalira mwana wanga Tiyamike. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana mlongo wawo amene ankalirabe manja ali kumutu, kenako anavula chipewa. Amuna enawo anavulanso zawo n'kukhala pansi pa udzu, monga timakhalira pa maliro.

Msonkhano wa Lamlungu uja sunachitike. Lusiya analira masiku ambiri, pophika, polima, pena pakati pa nkhani, ndipo ine ndinkangomusiya. Kenako tsiku lina anandiuza kuti mbuzi yathu ya mawanga ndi yakuba, yathyolanso mpanda wa anthu, ndipo ndinadziwa kuti wabwerera. Ku Joni sindinapitenso.

Mwana wina sitinakhale naye. Apongozi mpaka kumwalira kwawo ankati ndi chifukwa cha tsiku limene lija, ndipo ine sindinawatsutsepo, chifukwa sindidziwa. Pali masiku amene nyumba ya malatayi imakula kwambiri kwa anthu awiri, ndipo zimandiwawa. Koma Lusiya ndili naye, takalamba limodzi. Pachitsime azimayi akamamuitana amati amake Tiyamike, ndipo iye amatembenuka n'kuyankha.